Akabaza a M'foni Mwanga

Usiku wathawu, anzanganu, ndinalota ndalowa m'foni mwanga kudzera pa kabowo kotchajira kaja. Elube usaseke, tamva kaye. Paja magetsi anazima Lachisanu, ndipo lero Lamulungu ndi tsiku lomwe amayi amaimba foni kuchokera ku Joni, abwana awo akapita kutchalitchi. Akandiphonya, basi, mpaka sabata yamawa. Pogona n'kuti moto wa m'foni uli pa 6.

Ndiye m'katimo muli msewu wafumbi, dzuwa lili phwee, ndi akabaza anayi. Atatu agona pansi pa mtengo, zipewa kumaso. Mmodzi yekha, mdala woonda, akupalasa pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira. Pakaliyala wamangapo mameseji anga.

"Ndinu eti mumachedwetsa foni yanga?" ndikutero. "Esinati wapezerera chibwenzi chake ndi mtsikana wa kusaluni, vidiyo ili pagulu lathu la pafoni, inu mukungozungulirazungulira!"

"Kafunse kwa bwana Gavanala, mwanawe," akutero mdalayo. "Ife timapalasa liwiro lomwe atiuza. Katundu akachuluka amatidzutsa tonse, akachepa amagoneka ena."

Mwadzidzidzi pakati pa msewu pamera tebulo, pakhala bwana wa taye, wezulo m'khosi. Ndikuyamba kudandaula, taye ija yasanduka lilime, diso lina layang'ana ine, lina kumwamba. Gavanala ndi bilimankhwe!

"Moto wachepa," akutero, mwendo umodzi uli m'malere, osaponda.

Moto? Nkhani yaing'ono imeneyo! Ndiye ndangopezeka ndanyamula mbaula ya azakhali, makala ali psuu. Ndaikhazika pamsewu, ndikukupiza ndi chivundikiro.

"Nawu moto, bwana. Adzutseni!"

Wezulo walira, atatu aja dzambatu, onse panjinga. Vidiyo yayamba, iwe Faidesi, ndinaona ndi maso angawa wigi ya Esinati ili m'mwamba. Koma msewu watentha, matayala akununkha, mdala uja thukuta lili kamukamu. Pambali panakhala Batire, chimayi chonenepa cha chitenje chobiriwira. Chayamba kuphwa ngati baluni, chitenje chafiira.

"Mwana iwe," akutero mayi Batire, mawu ali ziii, "moto wakowo si wangawu. Ukundimaliza."

Pachipumi pawo palembedwa 5. Ndikuphethira, 4.

Bilimankhwe waimbanso wezulo. "Atatu inu, kagoneni. Madala, giya yotsika."

Ndiye mdala uja wamasula mameseji onse, wawaunjika pansi, wandikweza ine pakaliyala. Tikuyenda ngati tikuperekeza wodwala.

"Umatiyesa aulesi," akutero osacheuka. "Foni ikachedwa umaimenyetsa pabondo, ife m'kati muno timagwa. Ine nditafuna nditha kupitirira minibasi. Koma ndikathamanga lero, amayi ako afika n'kupeza pakhomo potseka."

"Mumawadziwa, agogo?"

"Mawu awo amanyamula ndani? Ndine. Amayamba ndi 'Wadya?' Kenako amakhala chete pang'ono, iwe umati ndi netiweki. Si netiweki, amakhala akupukuta misozi. Pamenepo ndimapalasa mosamala kwambiri."

Anzanga, ndinalira. Ndinabwerera kukathira madzi pambaula paja. Dzuwa lija ndinalikoka ndi chala mpaka msewu wonse unakhala mthunzi, mayi Batire n'kupumira m'mwamba. Mdala ndinamupukuta kumaso ndi kansalu kanga.

Mwadzidzidzi chapatali, pasiteji, ndikuona amayi. Avala juzi ya buluu yomwe ananyamuka nayo, akweza dzanja kuitana kabaza. Ife tikuyandikira, koma pang'onopang'ono, ee, pang'onopang'ono. Pakhosi pafika mawu akuti "Fulumirani!" Ndadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri. Mdala akupalasa. Nkhope yawo yayamba kuoneka, asegula pakamwa kuti anditchule dzina.

Kwee! Kwee! Kwee!

Azakhali akukwecha poto panja, kunja kwacha. Foni ili pa 3, yozizira bwinobwino. Pagulu pali mameseji 52, sindinatsegule ndi imodzi yomwe, ndipo sinditsegula. Ndiye za Esinatizo mundiuze pakamwa pompano, koma motsitsa mawu, kuti ikalira ndiimve.