Ngalande, Njinga ya Magiya ndi Mfundo ya Apongozi

"Bana Tiya, nanga simunaseluke chabe, muinyamule njinga?"

Anandifunsa chonchi ndi Bana Chanda (ndiye kuti amake Chanda), anansi anga a khomo loyang'anana ndi langa kuno ku Kabwata, patapita masiku atatu nditabwerako kukiliniki. Ndinali pakhonde, mlomo utatupa ngati chitumbuwa, ndikumwa phala ndi kapaipi (kutafuna kunali kwa anthu ena masiku amenewo). Sindinawayankhe. Pakamwa sipanali kutseguka, ndiponso funsolo linali lanzeru, ndipo funso lanzeru limapweteka kuposa lopusa. Lero mlomo unaphwa kalekale, ndiye lekani ndiyankhe.

Inali nthawi ija makampani anali kugulitsidwa ngati tomato wotsala kumsika wa Soweto. Kampani ya amuna anga, atate ake a Tiya, inapita nawo, iwo n'kuuzidwa kuti akapumule kunyumba asanamere ndi imvi imodzi yomwe. Anzawo anabwerako ndi kalata chabe. Iwo anabwerako ndi kalata, ovololo yabuluu, ndi njinga imene anawasiyira mzungu wowayang'anira pobwerera kwawo. Njinga yake yamagiya, yofiira, matayala onenepa a mano ngati a thirakitala, ija akuti ndi yokwerera mapiri. Phiri mulipeza kuti muno mu Lusaka? Chulu mwina.

Ine ndinapeza ntchito yochapa ndi kusita panyumba ina ku Woodlands, ndipo ndiyo inali kutidyetsa tonse atatu. Minibasi sindikanaikwanitsa tsiku ndi tsiku, choncho njinga inakhala yanga. Kupalasa ndinaphunzira ndili mtsikana kwathu ku Katete, pa njinga yakuda ya atate, ija umangodziika pachishalo ngati thumba la chimanga n'kumapita. Ndinali kuganiza kuti njinga ndi njinga.

Madamu a panyumbapo sanali munthu woipa, koma zinthu ziwiri sanali kuzifuna: kuchedwa ndi matope. Seveni koloko ndikhale nditalowa pageti. Tsono mwana woyamwa sadziwa seveni koloko. Tiya anali kuyamwa ngati ali patchuthi, akamaliza ndimutule kwa Bana Chanda, amene anali kundisungira mpaka madzulo, ndiye ndithamange.

Panali njira yachidule. Mvula ili pafupi, anthu okonza misewu anabwera n'kukumba ngalande modutsa njirayo, dothi n'kuliunjika mbali ya kwathu, n'kupita osabweranso. Wina wachifundo anaikapo thabwa. Linakhala sabata imodzi (ndinalionanso pambuyo pake litasanduka shelefu pa kantemba kena kogulitsira zinthu, koma ndilibe umboni). Ngalandeyo sinali yaikulu, kutakata kwake ngati chitseko. Wapansi akanatha kudumpha. Koma utanyamula njinga, unayenera kuponda m'kati, ndipo mvula itayamba m'katimo munadzaza madzi akuda a fungo losati n'kulitchula. Kuzungulira kumsewu waukulu kunali kudya mphindi makumi awiri zimene Tiya anali atadya kale.

Ndiye Bana Chanda, kunyamula ndinanyamula. Masabata atatu athunthu ndinali kutsika, njinga paphewa, phazi m'madzi, n'kukafika ku Woodlands miyendo ili ngati ya woumba njerwa. Tsiku lina madamu anandiimitsa pakhomo la kukhitchini atagwira mphuno.

"Iwe, uziba kuti unachedwa dzulo, lelo wabwela na ngalande yonse mu nyumba yanga? Nakuuza komaliza. Ukachedwa futi, olo ubwele na matika, usavutike kugogoda pa geti. Bofuna nchito ni bambili."

Ndinati, "Ndamva, madamu." Unganenenji?

Pafupi ndi ngalandeyo, pansi pa mtengo, panali Ba Mwansa, okonza njinga, bambo a imvi ochokera ku Kopala, amene nawonso migodi inawalavula. M'mawa wina ndinawaona akuyesa njinga ya kasitomala. Anabwera nayo liwiro, anakwera kamulu ka dothi kaja, ndipo hu! anatera tsidya lina, mapazi ouma, ndudu ili pakamwa. Ndinaima ndi njinga yanga paphewa, madzi ali m'akakolo, mtima ukuwawa.

Madzulo pobwerera ndinapita kukagwada.

"Ba Mwansa, ndiphunzitseni zija munachita."

"Mayo, imwe? Muli na mwana mung'ono."

"Ndiye chifukwa chake."

Anayang'ana ine, anayang'ana njinga. "Njinga yeve ni yamene iyi, inapangiliwa vamene ivo. Koma chitenge ichi, iyayi. Mufune buluku."

Buluku ndinalibe. Ndinatenga ovololo ya amuna anga ija, ndinapinda miyendo katatu (kampani inafa, koma ovololo yake inapeza ntchito msanga kuposa mwini wake). Pochoka panyumba ndinali kumanga chitenge pamwamba ngati mkazi wa munthu, ndikakhota pakona ndivule, ndiike m'chikwama.

Loweruka lililonse masana tinali kuphunzira, koma masiku a ntchito ndinali kupondabe m'madzi, n'kumapulumuka mwa chisomo chokha. Tinayamba ndi kudumpha ndodo yogoneka pansi.

"Imililani pa mapedo! Nkhongono zipinde! Mukafika pa mulu, tinikizani njinga pansi, elo matako kumbuyo, kuseli kwa sadulo. Kutsogolo kuzanyamuka kweka. Menso kutsidya, osati mu manzi. Na buleki ya kutsogolo, muibale kuti iliko."

Kumva ndinamva. Koma thupi langa linaphunzira ku Katete kuti munthu waulemu amakhala pachishalo. Ulendo woyamba ndinadumpha nditakhala, ndipo chishalo chinandibwezera moni amene ndinamumva mpaka m'mano. Ulendo wachiwiri ndinakoka handulo ndi mphamvu zonse za munthu wofinya mabulangete, njinga inaima chilili, ine chagada pansi, ndikuona mitambo.

"Simudonsa mbuzi, mayo! Manja yasiyeni, nchito ni ya matako!"

Azimayi ogulitsa makala chapafupi anaseka mpaka wina anakhala pansi. Ulendo wachitatu mantha anandigwira, chala chinapita chokha pa buleki ija anati ndiiwale, ndipo ndinakapsompsona thumba la makala. Kunyumba ndinati ndagwa pa sitepe ya madamu.

Ine chinthu chimodzi chimene Mulungu anandipatsa ndi kupirira. Munthu amene amasita malaya khumi ndi awiri a munthu mmodzi satopa msanga. Ndodo ndinaidumpha. Njerwa ndinaidumpha. Kenako kangalande kakang'ono kouma kuseri kwa msika. Patatha mwezi ndi theka, Loweruka lina, pa ngalande yeniyeni ija, ndinabwera liwiro, ndinatsindika njinga, ndinadziponya kumbuyo, ndipo pansi panachoka. Kanthawi kochepa chabe, koma ndikuuzeni, chiyambire kukwatiwa sindinapepukepo choncho. Ndinatera tsidya lina matayala onse awiri. Ba Mwansa anachotsa ndudu pakamwa n'kunena kuti, "Eya." Azimayi a makala sanaseke.

Masiku asanu ndi anayi otsatizana ndinalowa pageti nthawi isanakwane, mapazi oyera. Madamu sananene kanthu, ndipo kwa iwo kumeneko ndiye kuyamikira.

Kenako kunabwera apongozi anga kuchokera kumudzi, kudzaona mdzukulu.

Amayi amenewa ndi a chigwirizano ku mpingo, ndipo maso awo saphonya kanthu. Tsiku loyamba ndinabisa ovololo. Koma madzulo ake ndinawapeza atakhala pamphasa ndi Bana Chanda, akusenda nyemba, akuseka ngati anakulira limodzi. Zimene anakambirana ndinazidziwa m'mawa mwake. Tiya anali atayamwa mwa nthawi yake ija, ine ndikuthamangira pakhomo, ndipo ndinamva:

"Amake Tiya, tabwerani kuno."

Ndinagwada.

"Ndamva kuti mukafika pakona mumavula chitenge, n'kumauluka m'tauni muno ndi buluku la mwana wanga."

"Amayi, ndi chifukwa cha ngalande. Chitenge chimagwira..."

"Ngalande ndiyo inakukwatirani? Imirirani."

Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anali kuyang'ana khoma, ngati pakhomapo palembedwa za ntchito. Apongozi anandivula chitenge changa chakale, anatulutsa chatsopano chimene anandibweretsera, cholimba, chosachapidwapo, n'kundimanga okha pamwamba pa ovololo. Anazunguliza, anakoka mpaka mpweya unatuluka, anamanga mfundo ziwiri, n'kubayapo chipini chachikulu cha thewera la Tiya.

"Ichi ndamanga ine. Ndidzamasula ine madzulo. Pitani bwino."

Inu amene muli ndi apongozi, ndiuzeni, mukanayankha chiyani?

Pakona ndinaima. Inde, ndinayesa kumasula, Mulungu andikhululukire. Mfundo ya mayi amene wakhala akumanga mitolo ya nkhuni moyo wake wonse simasulidwa ndi munthu wofulumira. Zikhadabo zinathyoka, mfundo ili phee. Pa kantemba wailesi inanena nthawi: kwatsala mphindi khumi ndi zisanu. Kuzungulira, ndachedwa. Kutsika n'kuponda m'madzi, matope. Zonse ziwiri geti lotseka. Ndinakwezera chitenge m'maondo, ndinadziuza kuti munthu wadumpha kasanu ndi kanayi, nsalu ingamuletse chiyani?

Ndinabwera liwiro. Ba Mwansa anali kutsegula bokosi la zipangizo, ndipo ndinawaona akukweza dzanja. Ndinayesa moni. Ndinaimirira pa mapedulo, maondo opinda, maso kutsidya, zonse monga mwa malamulo. Pakamulu ndinatsindika njinga, n'kudziponya kumbuyo.

Kumbuyo sindinafike. Chitenge chinali chitakola pamphuno ya chishalo, n'kundigwira ngati mbuzi yapachingwe. Thupi lonse linatsalira kutsogolo, pamwamba pa handulo. Tayala lakutsogolo, m'malo monyamuka, linaweramira pansi ngati likufuna kumwa madzi, n'kukagunda gombe la tsidya lina.

Kunena zoona, ine ndinaoloka. Njinga ndiyo sinaoloke.

Ndinatera ndi pakamwa, pamiyala imene okonza misewu aja anatisiyira. Nditatsegula maso ndinaona mapazi ambiri. Chitenge chinali chitang'ambika kuchokera pansi mpaka m'chiuno, ovololo yonse ili poyera, Kabwata yense akuona chimene apongozi anafuna kubisa. Koma mfundo ija inali pomwepo, ndi chipini chake, osasuntha n'pang'ono pomwe.

Ba Mwansa anagwada pambali panga, atanyamula kanthu koyera m'dzanja.

"Mayo, ninakamba chani pali chitenge? Ili ni lanu. Linangu tikali kusakila." Anapukusa mutu. "Koma kubwela mwenze mwabwela bwino. Sipidi yenze che."

Kukiliniki anandisoka mlomo. Apongozi anafika Tiya ali kumbuyo, anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo anati, "Mwamwayi munali mutavala chitenge. Mukanagwa ndi buluku lokha, tikanaloza kuti nkhope zathu?" Kenako anamasula mfundo yawo, ndi zala ziwiri, osavutika.

Tsono panafunika munthu wokauza madamu. Ndinalemba kakalata (sukulu ndinalekera giredi seveni, koma kupepesa ndimatha kulemba), n'kupempha Bana Chanda kuti akapereke. Anapita m'mawa. Anabwerako dzuwa litapendeka, manja ali mbuu, akununkhira sopo amene ndinali kumudziwa bwino.

"Ba madamu bakamba ati mupole bwino. Ati ningabatandizeko pang'ono mpaka mukapole."

Ndinapola. Nditapita kukagogoda pageti, madamu anatuluka, anayang'ana pakamwa panga, n'kunena kuti munthu amene ali naye tsopano sachedwa, ndipo safika ndi matope. Mpaka lero, kwa madamu, sindinapole.

Ndiye tsiku lija la funso, ali chiimire pakhonde langa ndi chikwama cha kuntchito kwanga, Bana Chanda anaona kuti sindiyankha, ndipo anawonjeza mwachifundo:

"Ine nimavala chabe mapulasitiki yabili ku mendo. Naponda mu manzi, nafika kuja, navula, nataya. Olo mwenze na njinga, sembe munachita chamene icho."

Mapulasitiki awiri. Aja amangouluka mumsewu, osowa wowatola. Mwezi ndi theka ndinali kugwa pamaso pa ogulitsa makala, ndipo mayi amene anali kundisungira mwana m'mawa uliwonse, akuona miyendo yanga, anali nayo nzeru imeneyi m'mutu osaitulutsa. Anaisungira tsiku lake.

Masiku ano ndimakazinga zitumbuwa pakhomo, ndipo m'mawa Bana Chanda amandisiyira Chanda wawo kuti ndiwasungire. Ndimamulandira. Mwana alibe mlandu. Njinga ili kuseri kwa chitseko, yopanda tayala lakutsogolo, amuna anga amapachikapo jekete. Ena amati ndinaphunzirapo kuti mkazi sauluka. Ayi ndithu. Wina atandibwereka njinga lero, ndi buluku, ngalande ija ndingaidumphe muli kuona, chifukwa kudumpha ndinakudziwa. Chimene sindinadziwe ndi anthu.

Zotayika zonse ndi izi: mano awiri akutsogolo, tayala limodzi, chitenge chatsopano chimodzi, ntchito imodzi, ndi mnansi mmodzi.