Lumo la a Chikhakhali

Ometa aja, a Chikhakhali, ankaseka ngati kuseka akuletsa mawa. Akayamba, galasi la m'shopu mwawo linkagwedera, wometedwa n'kugwira makutu ake kuopa kubwerera ndi limodzi. Ngakhale m'tchalitchi, abusa akangoti "Uthenga Wabwino," iwo khakhakha!

Mkulu wina wa mpingo zimenezi zinkamunyansa. Anali wolungama ndithu, wosaba, wosamwa, koma nkhope ili ndwii ngati watafuna mankhwala owawa. Kwa iye, Mkhristu weniweni ankadziwika ndi tsinya.

"Muno si mumsika," anatero tsiku lina, n'kuwachotsa a Chikhakhali m'kwaya, anthu onse akuona.

"Zikomo abambo, ndizikaimbira kumbuyoko, kuli kamphepo."

Patapita zaka ziwiri, mkuluyo anadwala sitiroko, mbali imodzi ya thupi n'kufa. A mumpingo anabwera, anapemphera ndi nkhope zamaliro, kenako anasiya kubwera. Ndevu zinamera ngati tchire. Tsiku lina m'mawa anangomva, "Odi!" A Chikhakhali, thaulo paphewa, lumo m'manja.

Mayo! Mkuluyo ataona lumo, anakumbukira za kwaya zija. Pothawira panalibe. Chitsulo chozizira chitafika pakhosi, analapa machimo onse, ndi amene sanachite omwe.

"Mwabwera kudzabwezera?" ananong'ona.

"Musagwedeze kholingo, abambo. Ndabwera kudzafunafuna nkhope yanu, yasowa m'tchiremu."

Ankabwera Lachiwiri lililonse, kaya mvula kaya dzuwa, zaka zisanu ndi chimodzi zathunthu. Mkuluyo zinamuzunguza mutu.

"Mukufuna mphotho yakumwamba eti?" anafunsa tsiku lina.

"Iii abambo, imeneyo adziwa ndi Mwini wake. Ine ndikakumetani n'kuona mwawala, mumtimamu mumakoma pompano. Kodi mukuganiza kuti Mulungu potilenga anali atakwinya nkhope?"

Mkuluyo, munthu wodziwa Baibulo pamtima, anagwidwa ndi mantha, osati a lumo ayi, koma aja amagwira munthu akaona chinthu choyera.

A Chikhakhali anatisiya mwezi watha. Shopu ndi yotseka, msewu wonse uli zii, ndipo tawasowa zedi. Koma pamaliro pawo, abusa atangoti "Uthenga Wabwino," kumbuyo kunamveka phokoso lachilendo, ngati chitseko chadzimbiri. Tonse tinacheuka. Anali mkulu uja panjinga yake ya olumala, ndevu zosameta, misozi ili mbwembwembwe, akuseka ndi mbali ya pakamwa imene inamutsalira.