Zitsekerero M'thumba la Jekete

Mpaka lero ndikamadutsa pachipatala paja ndimayang'ana kumbali.

Mdzukulu wanga Limbani anabadwa miyezi isanu ndi iwiri isanakwane, kamunthu kokwana m'manja. Atatha zaka ziwiri anatiitana kusikelo. Akuti ana obadwa masiku asanakwane amawaunika vuto lotchedwa otizimu, loti mwana salabadira anthu.

Ndinali naye mwana wosalankhula kalelo, mlongo wake wa Esinati, mayi wa Limbaniyu. Kukabwera alendo ndinkamubisa kuseri kwa chigafa cha fodya, mpaka anamwalira. Ndiye ndinalumbira kuti uyu yekha salephera. (Ine sukulu ndinaphunzira ya kwacha, imvi zili mbuu. Chilichonse cha mafunso kwa ine ndi mayeso.)

Limbani ukamuitana sacheuka, koma amacheukira kulira kwa zitsekerero za mabotolo. Ndinadzaza thumba la jekete.

Namwino anayamba: "Amaloza zinthu ndi chala?"

"Kwambiri!" ndinayankha.

"Ababa..." anatero Esinati.

"Amakuyang'anani m'maso?"

"Mpaka kukuchititsa manyazi."

"Agogo, kodi munayamwitsa ndinu? Asiyeni amayi ayankhe."

Kenako namwino anazungulira kumbuyo kwa mwana. Ine ndinasendera komweko.

"Limbani!" Zii. "Limbani!"

Ndinagwedeza thumba. Mwana cheu! Namwino anamwetulira n'kutenga cholembera. Ndinati takhoza.

Koma mwana anatsika pamiyendo ya mayi wake, n'kumudutsa namwino ngati chitsa, dzanja m'thumba mwanga. Zonse pansi mbwee! Anakhala pasimenti n'kuyamba kuzindandalika mzere. Namwino atasuntha chimodzi, anakuwa mpaka amayi apabenchi panja anasuzumira.

"Mumayenda nazo masiku onse, eti?" anandifunsa namwino.

"N'za bawo," ndinanama. (Mkulu wa mpingo, ine!)

"Agogo, ndikanalemba kuti ali bwino, bwenzi mutabwerera naye osathandizidwa. Mukubera ndani?"

Esinati ankalira mwakachetechete. Ndinapempha kuti mafunso ayambirenso, ndipo "ayi" aliyense ankandiwawa ngati kuzula dzino. Namwino anati sakunena kuti vutolo alidi nalo, koma analemba kalata yoti akamuonetsetse m'tauni, kuti ngati lilipo ayambe kumuphunzitsa akadali wamng'ono.

Tsiku la ulendowo, pasiteji pa Nsaru, Esinati anandipisa m'matumba anthu akuona. Anapeza ziwiri. Ndinati n'zomutonthozera m'minibasi, ndipo mwina theka la mawuwo linali loona.