Sabata imene ndinasamutsa Zomba

Lolemba

Pofika Loweruka pulogalamu yanga ikhale itatha. Ntchito yake: uyipatsa manambala awiri a pamene waima, latichudi ndi longichudi, iyo ikuuza dera la nthawi ndi ola la pamalopo, popanda intaneti. Ndi ya ophunzira a zankhalango. Amakayeza mitengo pamwamba pa phiri, kumene netiweki imabwera ikafuna yokha, ndipo chaka chamawa akukafika ku Tanzania.

A Namaona, mkulu wa dipatimenti yathu, anena mosapsatira: ikagwira ntchito Loweruka pa Mulunguzi, za makompyuta zonse za pulojekitiyi ndiziyendetsa ine. Ikakanika, ndibwerera kokonza mapulinta. Sindibwererako!

Zofunika: mapu a malire a nthawi (ndakopera kawiri), batire yapadera, cholembera chofiira.

Lachiwiri

Ndalowetsa manambala a ofesi yathu. Ola lalakwika, ndipo pa mapu tili pakati pa nyanja yamchere, kuzambwe kwa Morocco. Ndasuzumira pawindo. Phiri lilipo.

Ndinasinthanitsa manambala, ya kutsogolo kumbuyo. Ndakonza.

A Chikopa, amene ndimakhala nawo mu ofesi, akuti: "Achimwene, Malawi yense nthawi ndi imodzi. Bwanji osangoyang'ana wotchi?" Munthu amene pasiwedi yake inamatidwa pa kompyuta sangandiphunzitse sayansi.

Lachitatu

Yatheka! Ola likufanana ndendende ndi la pa wailesi.

Ndazima intaneti pa tabuleti nkuyiyesa pa mlatho wa Likangala, pa msika, pa depoti. Masana ndakwera minibasi mpaka ku Malosa kuti nditsimikize. Kondakitala wandifunsa ngati ndikuyeza malo oti ndigule. Paliponse ola lolondola.

Lachinayi

Chinthu chikamayenda bwino chonchi ndiye kuti pena pavunda. Ndawonjezera kuti izionetsanso dzina la dera, osati ola lokha.

Khartoum.

Likangala, Khartoum. Malosa, Khartoum. Dzulo lonse ndayendayenda mu Sudan, nkumasangalala!

Vuto ndi kamzere kamodzi. Ife tili kummwera kwa ikweta, nambala yathu imayamba ndi mayinasi. Ndinakaiwala pokonza manambala Lachiwiri. Tsoka lake, ola la ku Sudan ndi lathu ndi limodzi, choncho cholakwacho chinabisala m'yankho lolondola.

A Chikopa: "Ndiye pasipoti anakudindirani?"

Lachisanu

Kamzere ndabwezera. Ndawerenga mzere uliwonse kanayi. Yankho tsopano: Maputo.

Apa sindinalakwe ine. M'ndandanda umene ndinakopera, dzina la Blantyre limangoloza ku Maputo, poti mawotchi athu amayendera limodzi. Zomba, likulu lakale, mulibemo nkomwe.

Ndingathe kubisa dzinalo. Mphindi ziwiri zokha. Koma dzinali ndi lomwe landigwira dzulo. Ndilichotse lero kuti ophunzira akasochere ngati ine? Ayi. Ndalemba masamba atatu ofotokoza. A Namaona ndi munthu wophunzira, amva.

Mkazi wanga, amake Tadala, akuti ndidye kaye ndisanawasamutsenso.

Loweruka

Pa damu la Mulunguzi. Nkhungu, kuzizira, netiweki zii, monga ndimafunira. Tinapangana eyiti koloko. A Namaona afika teni, akuti "tinali panjira."

Ndadina. Sekondi isanathe yayankha. Ola lolondola, popanda intaneti!

Iwo avala magalasi. "Bambo, madzi awa ndimamwa ku nyumba kwanga. Mukuti ndi a ku Maputo?"

Ndatulutsa masamba atatu aja. Ndafika pakati pa tsamba loyamba, pamene ndikunena kuti ola ndi lomwelo.

A Namaona andidula: "Ngati ndi lomwelo, bwanji osangoyang'ana wotchi?"

A Chikopa atembenukira ku mitengo ya paini. Mapewa awo akugwedezeka.

Lamulungu

Uthenga wa a Namaona ndikutuluka m'tchalitchi: pulinta ya ku laibulale ikumeza mapepala, ndikayione mawa mmawa.

Chabwino. Pulogalamuyo sinaname, ine ndikudziwa. Ophunzira akadzawoloka Songwe mawotchi awo nkutsalira ndi ola lathunthu, adzandifuna. Ndaisunga malo atatu.

Zamawa: sikuludilaiva, burashi, nsalu yopukutira inki. Pulinta ija imasindikizanso ola lolakwika pa malipoti ake. Palibe anandituma, koma ndikayamba ndi pamenepo.