Tsitsi la Nadiya ndi Sukulu Ziwiri

Usiku wathawu, anzanga, ndinalota zoti mpaka pano mutu sunabwerere m'malo mwake. Mukudziwa kale kuti kwathu kuja mwezi wonse uno nkhani ndi imodzi: Nadiya wakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, akayambire kuti Sitandade 1? Bambo ake, a Dipaki, akuti pa sukulu ya boma ya mu Limbe momwe muno, poti pali ana amitundumitundu ndipo mwana wa mmwenye ndi mayi wakuda sangakhale chodabwitsa. Ine ndikuti ya ku Chigumula, pafupi ndi kwa amayi anga, komwe kalasi si msika. Za pulaiveti musandifunse. Anthu akangoona khungu la amuna anga amayesa tili ndi shopu, chonsecho munthuyo amakonza mafiliji.

Ndiye m'malotomo tinali mu minibasi, dzuwa likuswa mtengo, Nadiya ali pamiyendo panga, tsitsi lake lija lopotanapotana likundilowa m'mphuno monga mwa masiku onse. Kondakitala anali mbuzi yovala jekete, ikutafuna chipewa cha dalaivala mosatekeseka.

"Tauni kapena kunja kwa tauni, mayi?" inafunsa mbuziyo. "Ino imapita konse kuwiri nthawi imodzi."

Ndisanayankhe, minibasi inang'ambika pakati ngati buledi. Theka lina linatenga a Dipaki n'kukhotera kumanzere, iwo akukuwa pawindo kuti, "Mayi a Nadiya, tikakumana kwa ahedi!" Ndiye ndinamva kanthu kakutakataka m'chikwama changa. Potsegula, ndinapeza sizasi yanga yosokera ikuyasamula.

"Kulikonse mupite ine ndili komweko," inatero sizasiyo. "Pa sukulu ya boma mwana wamkazi amameta."

"Khala chete iwe," ndinatero n'kutseka zipi.

Mwadzidzidzi tinali pa sukulu ya m'tauni ija, koma inali itakwera pamwamba pa msika, makalasi atasanjikizana ngati makreti a zakumwa. Ana anali mbwee, ena pansi, ena pamawindo, ena atakhala kudenga mitu ili pansi, akulemba bwinobwino. Desiki ina inandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti, "Mayi, ine anandikhomera ana awiri, koma onani ndasenza asanu ndi awiri. Msanawu ndi wakale." Apo n'kuti lole ya makala ikudutsa pakati pa kalasi, aphunzitsi n'kuipatsa mpata osasiya kuwerengetsa a, e, i, o, u.

Ahedi anatulukira atavala suti yabwino, a Dipaki ali pambuyo pawo akumwetulira. Atangotambasula dzanja kuti andipatse moni, dzanjalo linafota, maso anatuluka n'kuyamba kuzungulira lililonse kwake, ndiye pampando paja panakhala bilimankhwe womanga tayi. Anayang'ana ine, anada. Anayang'ana amuna anga, anafiira. Atayang'ana Nadiya anasokonezeka, mpaka anangotenga maluwa a chitenje changa.

"Kuno tili ndi mitundu yonse," anatero bilimankhweyo. "Mwanayu palibe adzamuyang'ane."

"Mwamva, mayi a Nadiya?" anatero a Dipaki mokondwa.

"Nanga akadwala mutu m'kalasimo, kapena akalephera kulemba dzina lake, adzamuona ndani?" ndinafunsa.

"Ndanena kale, mayi. Palibe adzamuyang'ane."

Ndinanyamula mwana wanga kuti nditsike masitepe, koma masitepewo anasungunuka n'kusanduka fumbi lofiira, ndiye mwadzidzidzi tinali ku Chigumula. Kunali zii, kamphepo kayaziyazi, mabulugamu akusesa mitambo pang'onopang'ono. Pamtengo panapachikidwa limu yakale ya galimoto, ija amaimenya ngati belu, ndipo inandipatsa moni mwaulemu: "Mwaswera bwanji, mwana wa a Nangondo? Kodi simunali inu munkabwera mochedwa tsache lili kukhwapa?" Ndinaseka mpaka misozi. Ndinamva kuti ndafika kwathu, ndipo mumtima ndinati a Dipaki aluza mlandu.

Ahedi a kumeneko anali mayi wonenepa bwino wovala diresi ya madonthomadontho. Akulankhula, madontho aja anafalikira m'manja ndi m'khosi, mayiyo n'kusanduka nkhanga, aphunzitsi onse n'kukhala nkhanga zinzake zikuyenda pamzere.

"Kuno mwana aliyense timamudziwa," inatero nkhangayo. "Wanuyu ndiye aliyense adzamuona."

Limu ija inalira yokha, ana n'kutuluka, mitu yonse yometa bwino, aliyense tsache m'manja. Ataona Nadiya anaima chilili. Ndiye maso awo anachoka pankhope n'kuyamba kuuluka ngati ngumbi, onse n'kudzatera pa tsitsi la mwana wanga. Kenako panabwera manja okhaokha opanda eni ake, akuimba kuti, "Mzungu! Mzungu! Tigwireko tsitsi!" Sanali ana oipa, anzanga, ankaseka mwachikondi ndithu. Koma ndinakumbukira za Khirisimasi yapitayi, pomwe Nadiya anathawa gulu ngati lomweli n'kukabisala kunsi kwa bedi la agogo ake mpaka chakudya chinazizira. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa tsiku limenelo ine ndinangoseka.

Mwadzidzidzi tsitsi lija linayamba kukula. Linatsika m'mapewa, linadutsa pabwalo la sukulu, linalowa mumsewu, mpaka msewu wonse wochoka ku Chigumula kukafika ku Limbe unali tsitsi la Nadiya, maminibasi akuyenda pamwamba pake. Kutali uko ndinaona a Dipaki atagwira nsonga imodzi akukoka. Nanenso ndinapezeka ndagwira inayo ndikukoka, osadziwa kuti ndayamba liti.

"Kwanuko adzamusandutsa chionetsero!" ankakuwa iwo. "Ine ndinakula akundiloza chala, ndikudziwa kuwawa kwake!"

"Kwanuko adzasowa ngati ndalama yachitsulo mumchenga!" ndinabweza ine. "Adzafika Sitandade 4 osadziwa kuwerenga!"

Zipi ya chikwama inatseguka yokha, sizasi ija n'kusuzumira.

"Mwamva za desiki, mwamva za belu, mwamva za bilimankhwe ndi nkhanga," inatero. "Nanga mwini mutu mwamufunsa?"

Ndinayang'ana pakati pa msewu. Nadiya anali pomwepo, wamng'ono ngati chidole, mutu ukupita uku ndi uku malinga ndi amene wakoka kwambiri. Milomo yake inkagwedera, ankanena kanthu, koma mahutala a maminibasi ankameza mawu ake onse. Ndinasiya tsitsi kuti ndimuthamangire, miyendo n'kukana, ngati ndaponda m'matope a m'dambo. Ndiye sizasi inadumpha m'chikwama, inaima ndi miyendo yake iwiri n'kuyamba kuyenda kupita kwa mwanayo, ikulira tche, tche, tche. Ndinakuwa kuti ibwerere, koma mawu sanatuluke.

Ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutayera, dzuwa litalowa kale pakatani. Mbuzi kunalibe, nkhanga kunalibe, koma phokoso lija silinasiye. Tche, tche, tche.

Ndinadzuka n'kupita kuchipinda chochezera. Nadiya anali atakhala pansi patsogolo pa kalilole, sizasi yanga yosokera ili m'manja, mbali imodzi ya mutu itatha kale. Tsitsi lomwe ndakhala ndikulipesa ndi kulidzoza mafuta zaka zisanu ndi chimodzi linali mbwee pasimenti. A Dipaki anatuluka kubafa mswachi uli m'kamwa, n'kuima pakhomo ngati awakhomera pomwepo.

"Amayi, musakalipe," anatero mwanayo. "Ndinamva mukunena kuti ku sukulu amameta. Ndikameta ndifanana ndi anzanga, ndiye inu ndi adadi musiya kukangana."

Ndinagwada n'kumulanda sizasi pang'onopang'ono. Bambo ake anachotsa mswachi m'kamwa, anagwada nawonso, n'kufunsa funso lomwe mwezi wonse palibe mwa ife analifunsa.

"Nadiya, mwana wanga, iweyo ukufuna sukulu iti?"

Anadziyang'ana pakalilole, anasisita mbali yometa ija, ndiye anati, "Komwe azikangonditchula kuti Nadiya."

Ndinayang'ana sizasi m'manja mwangamo, koma ulendo uno inali chete.