Nkhuku Zimene Ndinawerengera Papepala

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Chinakanaka, amayi ogulitsa tomato amandifunsa kuti nkhuku imodzi ili ndi nthuli zingati. Ndimangoseka nawo, nanga ndichitenji, koma kunena zoona zimandiwawabe pang'ono.

Chaka chimenecho mphepo inasasula denga la tchalitchi chathu, mvula itatsala miyezi iwiri kuti iyambe. Akomiti anati tichite pepa sande monga mwa nthawi zonse, ine ndinakana. Ndinali kalaliki wa pasikelo ku esiteti ya tiyi, ndipo ndinaonapo mabwana akuchita dina, phwando la chakudya lopezera ndalama, kukalabu kwawo (ndinaonera pawindo, koma zimenezo akomiti sindinawauze). Ndinati tigulitse matikiti, tiphike mpunga ndi nkhuku, tiitane mlendo wolemekezeka. Mlendoyo anali a Muhiriwa, mwana wa kwathu konkuno amene analemera ndi malonda ku Muloza. Iwo anali atanena kale kuti akadzaona kuti mpingo watsimikiza, malata onse adzapereka okha. Choncho nkhani yonse inagona pa kuwasangalatsa bambo amenewa.

Bajeti ndinailemba ndi rula, mizere yowongoka ngati buku la kuntchito. Matikiti 120. Nkhuku imodzi nthuli zisanu ndi zitatu, ndiye kuti nkhuku khumi ndi zisanu basi. Mpunga kapu imodzi anthu awiri. Mayi Namakhwa, amene amatsogolera zophika pa ukwati ndi pamaliro pomwe, anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti ophika ndi othandiza adzadya chiyani. Ndinayankha kuti wodya ndi wa tikiti yekha.

"Chabwino akalaliki," anatero mayiwo akumanga bwino chitenje. "Pepala lanulo mudzabwere nalo tsikulo. Ndiwo zikadzachepa tidzalikazinga."

Akomiti anaseka, ine ndinati mumtima mwanga anthu osadziwa masamu amavuta.

Pofuna kupulumutsa ndalama, chilichonse ndinabwereka. Mabenchi kusukulu, mapoto akuluakulu kwa amayi a mudzi woyandikana nawo, nkhuni kwa abambo a mumpingo, kwaya ya anthu makumi atatu kuti idzaimbe mwaulere. Mpunga ananditengera akabaza awiri kuchokera ku Milange. Pa mzere uliwonse ndinkalemba ziro, mtima uli mbee, mpaka ndinawaonetsa akazi anga kuti aone mwamuna amene anakwatiwa naye.

Tsikulo litafika, ziro aliyense anabwera ndi miyendo iwiri ndi mimba. Mwini poto anabwera kudzayang'anira poto wake, ndipo kwathu kuno poto wobwereka sabwerera wopanda kanthu. Onyamula mabenchi anakhala pa mabenchi omwewo. Akwaya anaimba nyimbo ziwiri n'kukasamba m'manja. Akabaza aja anatulukira atavala majekete. Ogula matikiti nawonso, tikiti imodzi bambo, mayi ndi ana atatu, ati ana salipira ngakhale m'minibasi.

Ndinaima pakhomo la holo ya sukulu kuti ndiletse chipwirikiticho. Ndinakweza dzanja, nkhope nditaumitsa, ndipo munthu woyamba kufika pa dzanja langalo anali apongozi anga aakazi, ali ndi azing'ono awo awiri, tikiti alibe. Inu mukudziwa, ine ndine mkamwini, nyumba yanga ili pamalo awo. Dzanja lija linatsika lokha n'kukagwira bondo, ndinapatuka maso ali pansi. Anthu amene anali kumbuyo kwawo anaona kuti chitseko chatseguka, ndipo onse analowa ngati ndi abale a akazi anga (ena analidi abale, ukamwini ndi wotero).

Pofika faifi koloko, mpunga unali utatha, nkhuku kutsala fungo. Apo m'pamene galimoto la a Muhiriwa linaima panja. Anthu akuluakulu safika pa nthawi, ndipo ine sindinauze aliyense kuti awasungire mbale, poti papepala mbale yawo inalipo.

Ndinathamangira kuseri kumene ankaphikira, thukuta lili kamukamu. Ndinawapeza mayi Namakhwa ndi anzawo atakhala pamphasa, akudya mosatekeseka. Popeza ndinawakaniza nkhuku, iwo anali atadziphikira kalongonda, nyemba zosapsa msanga zija, kunyumba kuyambira dzana lake, n'kubwera naye mumphika wawo. Ndinagwada pansi, ine kalaliki wathunthu, kuwapempha nzeru. Mayiwo ananditafunira kaye pamaso kwa kanthawi, kenako anapakula kalongondayo m'mbale yadothi yabwino imene inatsala, n'kukapereka okha kutebulo lapamwamba.

Ine ndinaima kuseri kwa chitseko, ndikuona malata athu akuuluka kubwerera ku Muloza. Munthu wodya m'mahotela, tamuitanira dina, ndiye tikumupatsa chakudya cha nthawi ya njala. A Muhiriwa anayang'anitsitsa mbaleyo. Kenako anakankhira foloko pambali, anapinda malaya, n'kuyamba kudya ndi manja mpaka mbale kuyera. Anapempha ina.

Atatha kudya, anaimirira kuti ayankhule. "Chimwalirireni mayi anga, palibe anandiphikirapo zimenezi. Kulikonse kumene ndapita amandipatsa nkhuku. Lero ndadya kwathu. Kodi amene anaganiza zimenezi ndani?"

Anthu anayamba kuyang'anana. Apa ndiye pamene munthu woopa Mulungu akanaloza mayi Namakhwa. Ine mpaka pano sindidziwa chimene chinandigwira, ndinangoona dzanja langa lili m'mwamba. Mayi Namakhwa anandiyang'ana, apongozi anandiyang'ana, abusa anayang'ana kudenga. Koma palibe anatsutsa, poti aliyense ankafuna kupemphera posanyowa.

Malata anabwera Lachitatu lotsatira, ndipo tinakhoma mvula isanagwe. Ndalama za matikiti sizinakwane ngakhale misomali, moti tinachitabe pepa sande ija. Kwa mayi Namakhwa ndinapita ndi nkhuku yamoyo kukapepesa, analandira, koma nkhani anali ataifalitsa kale mpaka kuchigayo. A Muhiriwa okha ndi amene sanamve. Tikakumana amandigwira chanza ndi manja awiri, n'kumauza anzawo kuti uyu ndi munthu wanzeru kwambiri. M'boma lonse la Mulanje amene amaganiza choncho ndi iwo okha, ndiye ine sindiwatsutsa.