Nkhupakupa ya Pansi pa Mchira wa Sikono

M'mudzi wina wa kuseri kwa dambo lalikulu, womwe dzina lake tilisunga chifukwa eni ake akali moyo, muli anthu awiri omwe mpaka lero sagwirizana za komwe inachokera nkhupakupa imodzi. A Zefaniya Kambalame amati inabwera m'kabokosi ka machesi komangidwa pa mfundo ya chitenje. Mayi Esinta Namaseko amati inachokera kudambo monga zichitira nkhupakupa zonse, ndipo amafunsa ngati a Kambalame anaonapo nkhupakupa yofuna thiransipoti. Onse awiri ndi anthu opemphera, choncho tiyenera kuwamvetsera mofanana.

Mudziwo unali wa ng'ombe, ndipo ng'ombezo zinali za nkhupakupa. Mvula ikagwa, makutu a ng'ombe ankadzaza tizilomboti. Kenaka ina inkatupa kunsi kwa khutu, kuleka kudya, kupuma ngati yakoka ngolo pachitunda, ndipo posakhalitsa anthu ankamva fungo la nyama yootcha. Bungwe lina lachifundo litamva zimenezi linamanga dibi, dzenje lalitali la simenti lodzaza madzi a mankhwala, loti ng'ombe zizilumphiramo n'kusambira kuti nkhupakupa zife. Analipaka penti yoyera mbee, moti akudutsa ena ankavula chipewa poyesa ndi tchalitchi.

Chinthu chokongola chotere sichikanakhala chopanda komiti. A Kambalame anasankhidwa kukhala Tcheyamani wa Komiti Yaikulu Yoona za Dibi, Ukhondo wa Dibi ndi Ulemerero wa Dibi. A Yotamu, omwe ankagulitsa kanyenya pamphambano, anakhala Mkulu Woyeza Makutu ndi Michira. Ena onse anali achiwiri kwa anzawo.

Tisawanamizire a Kambalame. Dibi lakale linafa iwo akuona, litasanduka chithaphwi cha ndowe ndi achule, ndipo analumbira kuti latsopanoli silifa chotero. Komanso mlangizi wa ziweto, tsiku lomwe anathira mankhwala, ananena ndithu kuti ng'ombe ziziyamba zatsuka mapazi m'kadziwe ka pakhomo, chifukwa matope amafoola mankhwala. Atatero anakwera njinga yake yamoto, yomwe inali ndi mafuta obwererera okha. A Kambalame anatsala akusinkhasinkha. Ngati matope, omwe sayamwa magazi a munthu aliyense, amaononga dibi, nanga nkhupakupa? Zikafera m'menemo ziziyandama, ndipo Mlendo Wolemekezeka wodzatsegulira dibi adzaona chiyani?

Komiti inaombera m'manja nzeruzi, n'kukhazikitsa lamulo lakuti ng'ombe yolowa m'dibi ikhale yopanda nkhupakupa ngakhale imodzi.

Mayi Namaseko anali ndi ng'ombe imodzi yokha, yofiirira, dzina lake Sikono. Amuna awo anamwalira atawasiyira ng'ombeyo ndi ana, ndipo mkaka wa Sikono ndiwo unkalera anawo. M'khola loyandikana ndi lawo ng'ombe zinali zitayamba kale kutupa makutu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayiwa sanataye nthawi kutsutsa lamulo, anangoganiza zolikwaniritsa.

Anakhala m'khola akuzula nkhupakupa ndi zala mpaka Sikono inayera ngati mkwatibwi, n'kuikusa kupita kudibi. Koma njira ya kudibi inkadutsa m'dambo, ndipo m'dambo nkhupakupa zimadikira pansonga za udzu ngati anthu odikira minibasi. Pofika, a Yotamu anapinda khutu la Sikono, napeza kamodzi kakang'ono, napukusa mutu mwachisoni. Anati iwo sakondwa konse kubweza ng'ombe ya namfedwa, ndipo anafunsa, mwa chifundo chomwecho, ngati Sikono ikudya bwinobwino masiku ano. Pofunsapo n'kuti akuisisita pa ntchafu.

Ulendo wachiwiri mayiwa anabwereka ngolo n'kukwezamo Sikono kuti isaponde udzu. Mudzi wonse unatuluka kudzaona ng'ombe ikukokedwa ndi ng'ombe zinzake, itaima chilili ngati phungu woyendera dera lake. Komiti inayamikira khamalo, koma inaona kuti ng'ombe zokoka ngolozo zinali ndi nkhupakupa, ndipo sizikanaloledwa kuyandikira mpanda wa dibi. Sikono inatsitsidwira patali, inaponda udzu, ndipo a Yotamu anapezanso kamodzi.

Pa nthawiyi n'kuti dibi likuwala, kanyenya akuyenda malonda, ndipo a Tcheyamani akuuza aliyense kuti m'boma lonse dibi lawo lokha ndilo linali lisanapezekemo nkhupakupa.

Tsiku lotsegulira linafika. Mayi Namaseko anatulukira ndi chinthu chomwe agalu anayamba achiuwa asanachizindikire. Sikono inali itavala neti ya udzudzu kuyambira kunyanga mpaka kumchira, ndipo miyendo inali m'matumba a feteleza omangidwa ndi luzi. Anthu ena a ng'ombe anabweretsanso zawo, zomwe zinaimikidwa kuseri kwa mpanda kuti zionerere mwambo. A Yotamu anavula Sikono zovala zija, anayeza khutu ili ndi ilo, anayang'ana pamimba, anakweza mchira, ndipo ndi mawu a munthu woferedwa analengeza kuti ng'ombeyo yakhoza.

Mlendo Wolemekezeka anafika dzuwa litapendeka, atavala suti yoyera yofanana ndi dibilo. Anadula riboni, analankhula za tsogolo la ulimi, ndipo maso ake anagwera pa Sikono. Anati sanaonepo ng'ombe yaukhondo chotere chiyambire ntchito yotsegulira zinthu. A Kambalame anamva mawuwo ndi makutu a Tcheyamani. Mlendo sabwerera chimanjamanja, ndipo mlendo akayamikira chinthu pagulu ndiye kuti wachipempha mwaulemu. Anaimirira, nakonza kolala, nalengeza kuti mudzi wonse, mogwirizana ndi mwa chimwemwe, ukupereka ng'ombeyi kwa bwana. Za mayi Namaseko anati komiti idzakhala pansi kuti ione. Amayi a kwaya analulutira, poti anali atauzidwa kuti azilulutira paliponse pomwe a Tcheyamani apumira.

Mayi Namaseko sanalire. Anapita patsogolo, anagwada monga mwa mwambo, nati akuthokoza ulemu womwe wagwera khola lawo, koma sangapereke mphatso kwa munthu wamkulu asanaipukute komaliza. Anazungulira kumbuyo kwa Sikono ndi kansalu, anachedwako pang'ono, kenaka anakweza mchira.

"Pepani bwana, tabwerani muone. Kodi aka n'kachiyani?"

Mlendo anawerama. Pansi pa mchira panali nkhupakupa yonenepa ngati nsawawa yonyowa, yotuwa, yokhuta, ikusuntha timiyendo mosafulumira. Bwanayo analumphira kumbuyo n'kuyamba kudzikuntha suti. Anati galimoto yake siinyamula zilombo, ndipo anafunsa ngati m'mudzimo anthu amapereka mphatso zoluma.

Apa ndiye pomwe mbali ziwiri zija zimasiyanirana. A Kambalame amati nkhupakupa ya msinkhu umenewo siikanabisala kwa a Yotamu, munthu wodziwa mbali zonse za ng'ombe, zakunja ndi zam'kati, ndipo amati anamva kabokosi ka machesi kakutsekuka. Mfundo yawo ndi yomveka. Mayi Namaseko amati a Yotamu akayang'ana ng'ombe amaona nthiti ndi chiwindi, osati nkhupakupa. Mfundo yawonso ndi yomveka. Sikono, yomwe inali pamalopo, siinanenepo kanthu.

Chomwe onse amavomereza ndi zomwe zinatsatira. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Bwana uja, akali kudzikanda m'khosi, analoza dibi.

"Nanga chimenechi munamangira chiyani? Ilowetseni m'menemo msanga!"

A Kambalame anatsekula pakamwa kuti afotokoze lamulo, koma anakumbukira kuti Tcheyamani satsutsa suti. Anatsekula geti ndi manja awo. Sikono inatsuka mapazi, inanunkhiza madzi, n'kudziponya kuti phava, ndipo madzi a mankhwala anathovokera pa mipando ya kutsogolo. Tsono ng'ombe ili ndi khalidwe limodzi lomwe komiti inaiwala kuliletsa: ikaona inzake yalowa, nayo imalowa. Zonse zija za kuseri kwa mpanda zinakankha geti n'kutsatira, ina pambuyo pa inzake, eni ake akuthamanga m'mbali n'kumakuwa kuti akuzibweza, chonsecho akuzikusira komweko. Kwaya inalulutira. Pomwe yomaliza inkatuluka, dibi linali la mtundu wa tiyi wamkaka, ndipo pamwamba pake pankayandama nkhupakupa zokwana kudzaza lichero.

Mlendo sanafunenso kumva za ng'ombe. Kuti asapite chimanjamanja anam'patsa tambala, ndipo popeza nyumba yapafupi inali ya a Tcheyamani, tambalayo anali wawo.

Komiti inakumana mawa lake pa nkhani yovuta. Lamulo silikanachotsedwa, chifukwa kulichotsa kukanatanthauza kuti linali lolakwika. Koma mawu a Mlendo Wolemekezeka nawonso sakanafafanizidwa. Ndipo anthu, ataona ng'ombe zawo zikugona osadzikanda, anali atayamba kufunsa za sabata yamawa, poti mlangizi uja ananenanso kuti kusamba kamodzi sikuthetsa nkhupakupa. Mayi Namaseko anakhala panja pa msonkhano ndi Sikono, akugwiragwira mfundo ya chitenje chawo pomwe a Tcheyamani ankatha kuwaona bwino.

Chigamulo chinatuluka chotere. Lamulo likhalebe monga lilili, ng'ombe ya nkhupakupa isalowe m'dibi, pokhapokha ngati Mlendo Wolemekezeka walamula. Ndipo poti alendo a kutali ndi osowa, komiti inasankha a Zefaniya Kambalame kukhala Mlendo Wolemekezeka Wokhazikika. Lachitatu lililonse amavala suti yoyera ya pakaunjika, amazungulira kuseri kwa mudzi, n'kutulukira ku msewu ngati ochokera kutali. Amadula riboni yomwe ija, yolumikizalumikiza, amaloza dibi n'kufunsa mwaukali kuti chimenechi anamangira chiyani. Ng'ombe zimalowa. Ndipo mlendo sabwerera chimanjamanja.

Mayi Namaseko anayerekeza nkhuku ndi ng'ombe, napeza kuti ng'ombe ndi yaikulu. Iwo ndiwo anali oyamba kupereka tambala, ndipo anagwada pomupereka. Sikono ikukamidwa mpaka lero. A Yotamu anasiya kanyenya wa ng'ombe, akuyesa wa mbuzi. Ng'ombe za m'mudzimo zikunenepa, a Kambalame nawonso.